Manja amene amatigwira: bwanji timaopa kufunsa kuti "mwasamba?"

 Lero tikambirana nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, nkhani ya madzi ndi sopo. Koma tisanapite patali tifunsane kaye: ndi angati muno amene munagonapo kuchipatala ngati gadiyani? Takwezani manja. Mwaona eti? Pafupifupi tonse. Mayi akadwala, ndife timanyamula beseni, chitenje ndi fulasiki. Achemwali akapita kukachira, ndife timagona pakhonde kapena pansi pa bedi. Ndiye ukhondo wa m'chipatala ukutikhudza kawiri: tsiku lina ndife odwala, tsiku lina ndife osamalira odwala.

Chaka chatha mnzathu wina wa m'gulu lino anabereka kudzera pa opaleshoni, pachipatala china chimene sititchula dzina. Mwana anabadwa bwinobwino, zithunzi zinazungulira pa WhatsApp, tonse tinasangalala. Atatuluka, tsiku lachiwiri thupi linayamba kutentha. Kunyumba anati ndi malungo, anamugulira panado. Patapita masiku ena awiri chilonda chinatupa n'kuyamba kutuluka mafinya. Anabwerera kuchipatala ndipo anakhalako masabata atatu, mwana akuyamwa movutikira, bizinesi yake ya kaunjika itaima, ndalama zonse zikuthera mathiransipoti ndi chakudya cha gadiyani. Panopa ali bwino, tikuthokoza.

Sitikuloza chala munthu mmodzi. Iye amakumbukira kuti mpopi wa m'wodimo unali wouma masiku awiri. Ife timakumbukiranso zathu: tinatsika minibasi, titagwira ndalama ndi zitseko, tinafika n'kumukumbatira, n'kulandirana mwana wa tsiku limodzi, popanda ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti madzi ali pati. Tonse tili momwemo.

Mwina simukudziwa kuti nkhani ya kusamba m'manja m'chipatala inayambira pa amayi obereka. Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, tipite ku Vienna, m'dziko la Austria, m'zaka za m'ma 1840.

Pachipatala chachikulu cha mumzindawo panali mawodi awiri ochilira. Wodi yoyamba munkagwira madokotala ndi ophunzira udokotala, yachiwiri munkagwira azamba. M'wodi ya madokotala, pa amayi 100 alionse, pafupifupi 10 ankamwalira ndi matenda otentha thupi akangobereka. M'wodi ya azamba ankamwalira pafupifupi 4. Amayi a mumzindawo ankadziwa zimenezi madokotala asanavomereze. Ankachonderera kuti asawaike m'wodi yoyamba, ndipo ena ankalolera kuberekera panjira kusiyana ndi kulowa m'menemo.

Dokotala wina wochokera ku Hungary, dzina lake Ignaz Semmelweis, anavutika nalo funsoli. Mu 1847 mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa ndi kampeni pamene ankapima mtembo, ndipo anamwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Apa m'pamene Semmelweis anazindikira. Madokotala ndi ophunzira ankayamba tsiku kuchipinda chopimira mitembo, kenaka n'kupita kukapima amayi amene ali pa leba ndi manja omwewo. Azamba sankagwira mitembo. Iye analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi, klorini wa mtundu womwe uja timathira m'madzi nthawi ya kolera. Mu Epulo 1847 amayi 18 pa 100 alionse anamwalira m'wodimo. Kusamba kunayamba mu Meyi. Pofika Julayi imfa zinatsika kufika pa mayi mmodzi kapena awiri pa 100.

Mukuganiza kuti anamuombera m'manja? Ayi ndithu. Akuluakulu ambiri a zachipatala anakhumudwa kumva kuti manja awo, manja a anthu ophunzira, ndi amene akupha amayi. Semmelweis anasindikiza buku lake mu 1861, ambiri sanamumvere, ndipo anamwalira mu 1865 ali m'chipatala cha odwala misala. Zinatengera ntchito ya anthu ngati Louis Pasteur ndi Joseph Lister kuti dziko livomereze zoti tizilombo tosaoneka ndi maso timayambitsa matenda.

Chimene tikufuna mutenge pa mbiriyi ndi ichi: amayi aja anaona vuto, anayankhula, koma mawu awo analibe mphamvu pamaso pa anthu a mayunifolomu. Anafa chifukwa wina anaona kuti kufunsidwa za manja ake ndi chipongwe.

Tsopano tibwere masiku ano. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti pa odwala 100 alionse ogonekedwa m'zipatala za m'maiko olemera, 7 amatenga matenda ena ali m'chipatala momwemo. M'maiko osauka ndi ongotukuka kumene ndi 15. Ndipo mwa anthu 10 amene atenga matenda otere, mmodzi amamwalira. Chaka chomwecho WHO ndi UNICEF anapeza kuti theka la zipatala padziko lonse zilibe zonse zofunika kuti munthu asambe m'manja, kutanthauza madzi ndi sopo kapena sanitaiza pamalo othandizira odwala komanso kuzimbudzi.

Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti amayi 91 pa 100 alionse amachilira kuchipatala. Tinamvera. Tinauzidwa kuti tisiye kuberekera kunyumba ndipo tinasiya. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Matenda olowa m'chiberekero, pachilonda ndi m'magazi ali m'gulu la zinthu zimene zikupha amayi kwambiri, pamodzi ndi kutaya magazi ndi kuthamanga kwa magazi. Ngati ife tachita mbali yathu pobwera kuchipatala, chipatalacho chiyenera kutilandira ndi manja oyera. Pangano lake ndi limenelo.

Wina anganene kuti, aa, ukatenga matenda akubaya jakisoni basi. Zinali choncho kale. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kwa zaka zambiri. Anapeza kuti kachilombo kotchedwa Klebsiella, kamene kamakonda kufala m'mawodi, kasiya kumva mankhwala a gulu la ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira kwambiri. Mu 2003 tizilombo tosamva tinali pafupifupi 12 pa 100. Pofika 2016 tinali 90 pa 100. Mankhwala amene angaphe tizilombo toterewa ndi odula ndipo sapezeka paliponse. Choncho sopo amene waletsa kachilombo kufika pachilonda akugwira ntchito imene jakisoni mwina sangathenso kuigwira.

Kodi tizilomboti timayenda bwanji? Tilibe mapiko. Timakwera manja. Wodwala wa bedi loyamba ali ndi chilonda cha mafinya. Wina wagwira bandeji yake, wagwira faelo, wagwira chitsulo cha bedi, wafika pa bedi lachiwiri n'kukonza dripu. Khungu lathu ndi mpanda wolimba, koma m'chipatala mpandawo uli ndi zipata: pamene alowetsa kanula, pamene aika kachubu kotulutsira mkodzo, chilonda cha opaleshoni, njira ya mayi amene wangobereka, mchombo wa khanda. Dzanja limene likuoneka loyera bwinobwino likhoza kunyamula tizilombo tokwanira kudwalitsa munthu.

N'chifukwa chake ogwira ntchito zachipatala amaphunzitsidwa nthawi zisanu zoyeretsa m'manja. Tizidziwe nafenso kuti tizizindikira zimene tikuona. Yoyamba, asanamugwire wodwala. Yachiwiri, asanachite chilichonse chofuna ukhondo wapadera, monga kubaya jakisoni, kutsuka chilonda kapena kupima njira ya mayi. Yachitatu, akagwira magazi, mkodzo, masanzi kapena madzi ena a m'thupi. Yachinayi, akamaliza kumugwira wodwala. Yachisanu, akagwira zinthu zomuzungulira wodwala, ngati bedi ndi kabati, ngakhale iyeyo sanamugwire.

Pali njira ziwiri. Ngati m'manja simukuoneka litsiro, sanitaiza ndi wokwanira, bola akhale ndi alikoholo wosachepera 60 pa 100, ndipo upake paliponse kwa masekondi 20 mpaka 30 mpaka aume yekha. Kungodontheza pachikhatho n'kupukutira pachitenje, imeneyo ndi pafyumu chabe. Ngati m'manja muli magazi kapena litsiro looneka, kapena wachokera kuchimbudzi, kapena wasamalira munthu wotsegula m'mimba, pamafunika madzi ndi sopo, masekondi 40 mpaka 60. Malo amene timaiwala ndi omwewo nthawi zonse: zala zazikulu, nsonga za zala, pakati pa zala ndi kuseri kwa dzanja.

Nanga magulovesi? Ambirife tikaona nesi wavala magulovesi mtima umakhala pansi. Koma gulovesi imene yagwira odwala atatu ndi dzanja lakuda lomwe lija, langovala malaya. Magulovesi ayenera kusinthidwa pa wodwala aliyense, ndipo munthu amayeretsa m'manja asanavale komanso akavula.

Tsopano tidziyang'ane tokha, ife magadiyani ndi ife obwera kudzaona odwala. M'zipatala zathu gadiyani ndi amene amasambitsa wodwala, kumudyetsa, kumutembenuza, kutaya za m'beseni, kuchapa nsalu za magazi. Timamugwira wodwala kambiri kuposa dokotala, koma palibe amene anatikhazika pansi n'kutiphunzitsa. Ndiye tiphunzitsane.

M'chikwama cha kuchipatala, pambali pa zitenje ndi pepala la pulasitiki, muzikhala sopo ndi kabotolo ka sanitaiza. Tikafika m'wodi, choyamba ndi manja, moni pambuyo. Chilonda ndi pamene pali kanula tisagwirepo, ngakhale tikufuna kuona ngati pakupola. Pa nthawi ya nsima, tisasambe tonse m'beseni limodzi monga timachitira kumudzi, poti womaliza amasamba litsiro la anzake onse. Tizithirirana madzi. Chitenje chimene tayala pansi usiku chisakhale chomwecho chofunditsa mwana m'mawa.

Ndipo asisi a m'tauni, tisanamizane. Zikhadabo zoikirira zija n'zokongola, koma pansi pake pamabisala tizilombo timene sopo savuta kutiphonya, n'chifukwa chake ogwira odwala saloledwa kukhala nazo. Ngati ukudziwa kuti mwezi wamawa ukakhala gadiyani wa achemwali ako, zichotse, uwenge zako zikhale zazifupi. Mphete ndi zibangili zisiye kunyumba. Foni nayo timapita nayo kuchimbudzi, timaiika pabedi, kenaka timajambulira mwana titamugwira tsaya. Ipukute, ndipo ukaigwira yeretsanso m'manja.

Za khanda, tikudziwa kuti n'zovuta kuuza apongozi kapena azakhali kuti asambe kaye asananyamule mdzukulu. Mayi amene wangochira alibe mphamvu zokangana ndi munthu. Ntchito imeneyo ndi ya ife anzake. Ima pakhomo ndi jagi ndi sopo, nena mwaulemu kuti, "Amayi, ndikuthirireni madzi, anesi anati aliyense azisamba asanamunyamule." Ukayamba ndi kusamba iwe mwini pamaso pawo, palibe amene amakana. Pamchombo tisaikepo phulusa, mafuta, dothi kapena mankhwala a zitsamba. Tiikepo chokhacho chimene achipatala apereka kapena kulangiza.

Mukatuluka m'chipatala nkhani sinathe. Masabata asanu ndi limodzi oyamba mayi akabereka ndi nthawi yokhala tcheru. Thupi likatentha kapena akamanjenjemera, kumaliseche kukamatuluka zonunkha, m'mimba mukamapweteka kwambiri, chilonda chikafiira, kutupa kapena kutuluka mafinya, akamapuma mothamanga kapena kuyankhula zosokonekera, tibwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Tisayambe ndi kunena kuti ndi malungo, ngati mmene zinachitikira kwa mnzathu uja. Akayezedwe. Chimodzimodzinso mwana: akakana kuyamwa, akatentha kapena kuzizira kwambiri, akafooka, akamapuma mothamanga, akakomoka, kapena pamchombo pakafiira ndi kununkha. Kwa khanda, usiku umodzi wodikira ndi wautali kwambiri.

Tsopano gawo limene ambirife timaliopa: kufunsa. Tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa, ndipo m'chipatala mantha amawirikiza. Umaganiza kuti ndikafunsa andikalipira, andisiya ndekha pa leba, andilemba kuti ndine wovuta. Mantha amenewa sanachokere kumwamba, ambirife tinakalipiridwapo. Koma akuluakulu omwewo anatiuza kuti safunsa anadya phula.

Kufunsa kuli ndi njira yake. Sitikunena kuti tizikalowa m'wodi ngati apolisi. Ungathe kunena kuti, "Pepani anesi, ndili ndi mantha ndi chilondachi, ndili ndi sanitaiza apa ngati mungafune." Kapena, "Adokotala, pepani, magulovesiwo ndi atsopano?" Kapena gadiyani afunse kuti, "Tingasambe kuti m'manja tisanamugwire?" Funso lomalizali limakumbutsa aliyense amene ali pafupi popanda kumuchititsa munthu manyazi. Anamwino ndi azamba ambiri amene amaikonda ntchito yawo sakhumudwa. Ena amayankha kuti, "Ndapaka kale pakhomo paja," ndipo nkhani yathera pomwepo. Amene wapsa mtima chifukwa wafunsidwa za manja ake akubwereza zomwe zija za ku Vienna.

Komanso tinene chilungamo. Mzamba mmodzi amene akuyang'anira amayi ambirimbiri usiku, mpopi uli wouma, sopo anatha sabata yatha, sanitaiza akugula ndi ndalama za m'thumba mwake, ameneyo si mdani wathu. Ambiri mwa iwo ndi amayi anzathu, ndipo manja omwewo akupita nawo kunyumba kwa ana awo. Ngati ayenera kuyeretsa m'manja pa mayi aliyense, kangapo konse, ndiye kuti madzi ndi sanitaiza ziyenera kukhala pafupi ndi bedi, osati kumapeto kwa khonde. Udindo umenewo ndi wa amene amagawa ndalama, kukhonsolo ndi ku Unduna wa Zaumoyo.

Tinaona nthawi ya Covid-19 kuti n'zotheka. Pakhomo la banki iliyonse, sitolo iliyonse, panali ndowa ya kampopi ndi sopo, ndipo mlonda sankakulola kulowa usanasambe. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inabweretsanso ndowa zija. Mliri ukangotha ndowa zimasowa. Koma m'wodi ya amayi ngoziyo siitha, ilipo tsiku lililonse. Ngati banki inatha kuteteza kauntala yake, chipinda chochilira chingalephere bwanji?

Ndipo si ife tokha amene tikunena izi. Bungwe la White Ribbon Alliance linafunsa amayi ndi atsikana oposa 1 miliyoni m'maiko 114 kuti atchule chinthu chimodzi chimene akufuna pa chithandizo cha uchembere. Choyamba chinali kulemekezedwa. Chachiwiri chinali madzi, zimbudzi ndi ukhondo. Ziwirizi zimayendera limodzi. Mayi amene wangobereka n'kumauzidwa kuti gadiyani wake akatunge madzi kumjigo kuti asambe, ulemu wake wachotsedwa kale.

Ndiye tichite chiyani tikachoka pano? Tagwirizana zinthu zitatu, ndipo tikupempha aliyense atengepo mbali.

Choyamba, aliyense wa ife amene apite kuchipatala miyezi ikubwerayi, kaya kusikelo, kaya kukaona wodwala, ayang'ane zinthu zinayi n'kulemba mufoni: kodi pampopi wa m'wodi pakutuluka madzi? Sopo alipo? Sanitaiza ali pafupi ndi pothandizira odwala? Kuchimbudzi kuli posamba m'manja? Lembani tsiku ndi nthawi. Osajambula odwala kapena ogwira ntchito, chonde, ulemu wa anzathu ndi wofunika.

Chachiwiri, zimene tapezazo tidzazisonkhanitsa n'kupita nazo kumene zingasinthe zinthu. Zipatala zathu zili ndi makomiti a anthu a m'dera, ndipo m'zipatala za boma muli a Hospital Ombudsman amene ntchito yawo ndi kulandira madandaulo a odwala. Khansala ndi phungu wa dera nawonso ayenera kumva. Kudandaula pa Facebook kumatipepuza mtima, koma kalata yokhala ndi masiku ndi zimene tinaona ndi maso imavuta kuinyalanyaza. Ndipo kumene tapeza zinthu zili bwino, tikanenenso, anthu amene akuyesetsa amve kuti taona.

Chachitatu, pasapezeke mnzathu wa m'gulu lino wopita kukachira yekha popanda wina womuyankhulira. Munthu ali pa ululu sangathe kuyang'ana magulovesi. Gadiyani ndiye maso ake ndi pakamwa pake.

Pa 5 Meyi chaka chilichonse dziko limakumbukira ukhondo wa m'manja m'zipatala, ndipo tsiku lomwelo ndi la azamba padziko lonse. Tikufuna pofika tsiku limenelo tikhale titalemba zimene taona, tikakhale pansi ndi azamba a m'dera lathu, tiwafunse chimene akusowa, n'kupita limodzi kwa amene ali ndi makiyi a ndalama.

Pakhomo paja taikapo ndowa ndi sopo. Tisanagwire mandasi ndi tiyi, tiyeni tiyeserere limodzi, wina aziwerenga masekondi mpaka 40. Muona nokha kuti ndi nthawi yaitali kuposa mmene timaganizira. Tsopano tilandire mafunso.